Wailesi yoyankhana pa nthawi ya ngozi

Anzathu, wailesi imene tili nayo kunyumba imangolankhula yokha, ife n'kumamvera. Iliponso ina: munthu amalankhulamo, mnzake ali kutali n'kumuyankha. Lero tiwerenge za imeneyi.

Mu Januwale 2015 mtsinje wa Licungo unasefukira. Unagumula mlatho wa ku Mocuba, unagwetsanso mizati ya magetsi, ndipo zigawo za kumpoto zinakhala mumdima milungu ingapo. Magetsi akathima nthawi yaitali, nsanja za lamya nazo zimaleka kugwira ntchito. Foni ili m'thumba, koma zii. Tsono mayi woyembekezera akadwala usiku, mseu utaduka, a chipatala tiwauza bwanji?

Wailesi yoyankhana siidalira nsanja. Imafuna batire la galimoto ndi waya womangidwa pakati pa mitengo iwiri. Mawu ake amakwera kumwamba kwenikweni, kumeneko amakhota n'kukagwera kutali, kuseri kwa mapiri. Ngakhale phiri la Namuli kapena la Mulanje siliwatchinga.

Alipo anthu amene amaphunzira ntchitoyi mwa kufuna kwawo, popanda malipiro. Amatenga chilolezo ku boma, kuno kwathu ku INCM, ndipo aliyense amapatsidwa dzina loitanira la malembo ndi manambala. Mu Disembala 2004 nyanja itasefukira pa zilumba za Andaman ku India, lamya zinaduka, ndipo anthu otere ndiwo ankatumiza mauthenga kumtunda.

Kwathu kuno ntchito yofanana nayo ili m'manja mwa makomiti a m'midzi oona za ngozi, omwe amaphunzitsidwa ndi INGD. Nawonso ndi odzipereka. Ku mtsinje wa Búzi, m'chigawo cha Sofala, anthu a m'midzi anaphunzitsidwa kuyeza mvula ndi kuwerenga ndodo yoyezera madzi, n'kumatumiza manambalawo pa wailesi ku boma. Madzi akamakwera, uthenga unkafika kumunsi madziwo asanafike.

M'komiti, ena ntchito yawo ndi kumvera wailesi, ena kuzungulira mudzi ndi chokuzira mawu, ena kukweza mbendera. Mbenderazi tizidziwe bwino. Ya buluu: namondwe akhoza kufika pakati pa maola 24 ndi 48. Yachikasu: pasanathe maola 24. Yofiira: pasanathe maola 6. Namondwe Freddy analowera ku Quelimane pa 11 Malichi 2023, ndipo mvula yake inafika mpaka kumalire kuno ndi ku Malawi. Ndiye tisamati za kunyanja sizitikhudza.

Koma wailesi payokha siithandiza ngati woigwira sadziwa kulemba. Batire limatha msanga, uthenga uyenera kukhala waufupi ndi woona. "Anthu ambiri avulala" ndi mawu osathandiza dokotala. Iye afuna dzina la mudzi, chiwerengero cha ovulala, ola, ndi njira imene ikupitika. Wolandira amalemba zonsezo m'kope, kenako amawerengera mnzake kuti atsimikize. Akalemba 12 m'malo mwa 21, mankhwala obwerawo saakwanira.

Mawa pa phunziro tibwere ndi makope. Mmodzi adzaima kuseri kwa mtengo wa mango n'kunena uthenga, enafe tidzalemba.