Seva ikafa, inzake imadziwa bwanji?

Tikatumiza fizi ya mwana pa Mpamba kapena Airtel Money tili pa Boma kuno ku Chitipa, uthenga suchoka foni kupita foni mwachindunji. Umakafika kaye pa kompyuta yaikulu yotchedwa seva, kutali ndi kuno. Maseva amasungidwa m'nyumba zapadera, monga National Data Centre imene boma linatsegula ku Blantyre mu 2022. Nanga seva ikazima ndalama zili m'njira?

Pofuna kupewa zimenezi, akatswiri amamanga maseva awiri kapena kuposerapo m'gulu limodzi, lotchedwa failover cluster, kuti imodzi ikafa inzake itenge ntchito pomwepo. Gululi silidalira netiweki imodzi.

Netiweki yoyamba ndi ya ife makasitomala, podutsa zopempha zathu. Yachiwiri imalumikiza maseva ndi malo osungira deta, kuti seva yolowa m'malo ipeze kaundula yemwe uja inzake yasiya. Ena amawonjezera ina yosamutsira ntchito pamene akukonza makina.

Koma imene ife taiona yofunika kwambiri ndi yachitatu, ya maseva okhaokha. Pa Windows Server, sekondi iliyonse seva imatumizira inzake kauthenga kongoti "ndilipo". Amakatcha heartbeat, kugunda kwa mtima. Zili ngati alonda awiri oimbirana likhweru usiku. Likhweru likasowa kangapo motsatizana, wotsalayo amadziwa kuti kwagwa zina, n'kutenga geti.

Vuto lili apa: bwanji ngati mlonda ali bwinobwino, langotayika ndi likhweru? Waya ukaduka, seva iliyonse ingaganize kuti inzake yafa, zonse n'kuyamba kulemba m'kaundula mmodzi, ina kuti fizi yalipidwa, ina kuti ayi. N'chifukwa chake kauthengaka amakapatsa njira ziwiri zosadutsa pa switch imodzi. Amaikanso mboni, kadisiki kapena foda yokhala ndi voti yake. Mbali imene yapeza mavoti ambiri ndiyo imapitiriza, inayo imaima.

Makolo ndi a komiti, tikamadzakambirana zosunga marekodi a ana pa kompyuta, tisadzangowerenga makina. Tidzafunsenso kuti mawaya adutsa kuti, ndipo magetsi akathima chidzatsale choyaka n'chiti. Makina awiri omwera pa soketi imodzi amazimira limodzi.