Nyali za Ngolo ya Boti Zikakana Kuyaka

 Nkhani yathu ya lero ikukhudza makamaka inu amene mumakoka boti pa ngolo popita ku Senga Bay, ku Monkey Bay kapena ku Nkhata Bay, ngakhale kuti eni ngolo za mitundu ina apezamonso phindu.

Taganizani za woyendetsa minibasi amene akutsatira ngolo yotere madzulo pa mseu wa Salima. Boti latchinga nyali za galimoto yokokayo, ndipo chomuuza kuti mnzake waponda buleki ndi nyali za pa ngolo zokha. Zikakhala zakufa, iye adzazindikira atafika kale pa boti, anthu ali m'galimoto.

Ngolo ya boti imavuta kuposa zinzake chifukwa imaloŵa m'madzi potsitsa ndi pokweza boti. Madzi ndi mchenga zimaloŵa m'nyali, zitsulo zimachita dzimbiri, ndipo babu limene latentha pa ulendo wautali lingathe kusweka likakhudza madzi ozizira.

Mfundo yofunika kuigwira ndi iyi: moto wa magetsi umayenda ulendo wopita ndi wobwerera. Umachoka ku batire la mavoti 12, kudzera pa fyuzi, pa soketi ya kumbuyo kwa galimoto, pa pulagi ya ngolo ndi m'mawaya, mpaka kufika pa babu. Kuchoka apo umabwerera ku batire kudzera pa waya amene amakaniko amamutcha earth. Njirayi ikaduka paliponse, nyali siiyaka. Choncho musathamangire kugula babu latsopano. Londolani njirayo kuyambira ku galimoto. Paja akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Poyamba zulani pulagi ndi kuona ngati nyali za galimoto yokha zikuyaka. Kenaka yesani soketi. Choyesera mungathe kuchipanga nokha polumikiza mawaya aŵiri ku babu la mavoti 12. Waya mmodzi mugunditse pa chitsulo choyera cha galimoto, winayo pa dzino lililonse la soketi, mnzanu akuyatsa nyali ndi kuponda buleki. Babu likapanda kuyaka pa dzino loyenera, vuto lili ku galimoto, ndipo muyambe mwaona fyuzi. Fyuzi yakupsa muichotse ndi kuikapo ina ya nambala yomweyo. Kumanga kachidutswa ka waya m'malo mwake ndiko kuitana moto weniweni.

Pulagi yofala kuno ndi ku South Africa ili ndi mano 7, ndipo mawaya ake ali ndi mitundu yodziŵika. Wachikasu ndi wa nyali yokhotera kumanzere, wobiriŵira wa yokhotera kumanja, wofiira wa buleki, wakuda ndi wabulauni a nyali zoyaka usiku, wabuluu wa nyali ya nkhungu, ndipo woyera ndiye earth uja. Komabe musadalire mitundu yokha, pakuti wina amene adakonzapo ngoloyo mwina adaika waya amene adampeza. Mano akachita dzimbiri, apaleni ndi sandipepa. Amene ali ndi mpata pakati muwakanule pang'ono ndi mpeni kuti agwire zolimba.

Tsopano tifike pa waya woyera, pakuti zovuta zambiri za ngolo zimachokera kwa iye. Zizindikiro zake ndi zachilendo. Mukaponda buleki nyali zina zimazilala. Mukayatsa yokhotera, nyali za mbali zonse zimaphethira pamodzi. Pena nyali zimazima ndi kuyaka ngolo ikagunda m'maenje. Chifukwa chake n'chakuti moto wasoŵa njira yake yobwerera, ndipo ukuzembera m'mababu ena kapena pa chitsulo cholumikiza ngolo ndi galimoto. Kuti mutsimikize, tengani waya wautali, mbali ina muigunditse pa mutu wa batire wolembedwa chizindikiro chochotsera, inayo pa chitsulo cha nyali. Nyali ikaŵala bwino, mwapeza nthenda. Masulani bawuti imene yagwira waya woyera, palani mpaka chitsulo chinyezimire, mangani zolimba ndi kupaka girizi. Koposa apo, kokerani waya woyera ku nyali iliyonse payokha, m'malo modalira chitsulo cha ngolo.

Nyali imodzi yokha ikafa, tsegulani ndi kuona babu. Babu la buleki kaŵirikaŵiri limakhala ndi tiulusi tiŵiri, ka mawati 21 ka buleki ndi ka mawati 5 ka usiku, ndipo kamodzi kangapse kanzake kali bwino. Babuli limaloŵa mbali imodzi yokha. Mukalikakamiza mozondoka, nyali ya usiku idzaŵala kwambiri, ya buleki osaoneka.

Fyuzi ikamapsa nthaŵi iliyonse mwalumikiza ngolo, dziŵani kuti pena pake waya wasupuka ndipo akukhudza chitsulo. Mufufuzeni polowera m'mabowo a chitsulo ndi pafupi ndi masipiring'i. Waya amene mkati mwake mwabiriŵira mumudule mpaka mupeze kopa wonyezimira. Mfundo yongopota ndi kukulunga tepi siikhalitsa m'madzi. Iwotchereni ndi kuivala kapaipi kofota ndi moto. Amene angathe agule nyali za LED zomata, zosaloŵa madzi, koma akumbukire kuti nazonso zimafuna earth wabwino.

Pomaliza, omvera, nazi zizoloŵezi ziŵiri. Mukafika ku nyanja, zulani pulagi ndi kudikira mphindi zingapo kuti mababu azizire musanaloŵetse ngolo m'madzi. Ndipo musananyamuke kubwerera, lumikizaninso pulagiyo, muimike mnzanu kumbuyo aone nyali zonse imodziimodzi. Ntchitoyi siipitirira mphindi ziŵiri, ndipo amene akutsatani pa mseu akudalira zomwezo.