Ulendo woyamba wa ku Kabula kuchokera kwa Chimaliro

Kwathu kwa Chimaliro munthu akati akupita ku tauni amakhala akunena Limbe. Ndinakula ndikumva choncho kwa amayi anga, omwe ankathyola tiyi pa esiteti. N'chifukwa chake tsiku limene ndinawaperekeza ku chipatala cha Kwinzi, titatsika minibasi pa Limbe ndinayamba kuunguzaunguza chipatalacho, iwo atakhala pansi ndi ululu. Mayi wina wogulitsa mandasi ndiye anandiuza kuti ulendo ukadalipo, tikwerenso ina. Lero ndimakhala ku Bangwe, ndipo mwezi sutha osalandira foni ya wachibale amene akubwera koyamba. Zimene ndimawauza ndi zomwe ndikulembazi.

Limbe ndi Blantyre anali matauni awiri. Blantyre, kumene akuluakulu amati ku Kabula, anayamba ndi amishoni a ku Scotland mu 1876, ndipo dzinalo ndi la kwawo kobadwira David Livingstone. Limbe anakula pambuyo pake chifukwa cha njanji ndi malonda a fodya, mpaka awiriwa anawaphatikiza mu 1956. Mpaka pano aliyense ali ndi msika wake ndi malo ake okwerera. Kaya mwadzera msewu wa Midima kuchokera cha ku Goliati n'kulowera ku Bangwe, kaya mwadzera ku Bvumbwe ndi Chigumula, minibasi idzakutulani pa Limbe. Kupitirira apo n'kukwera ina.

Msewu waukulu wolumikiza mbali ziwirizi ndi Masauko Chipembere Highway, ndipo zambiri zimene zimatitengera ku tauni anthu akumudzife zili m'mbali mwake. Mukadutsa Maselema mufika pa Chichiri, pamene pali khoti lalikulu, bwalo la mpira la Kamuzu ndi sitolo zazikulu. Kutsogolo pang'ono pali sukulu ya ukachenjede ya MUBAS, imene ambiri akuitchulabe kuti Poly, kenako Ginnery Corner ndi chipatala cha Queen Elizabeth, chija timati Kwinzi. Oitanira akamakuwa kuti "Highway", minibasi imeneyo ndiyo yanu. Zina zimapitanso ku Blantyre koma mozungulira, kudzera ku Soche, ndipo sizidutsa pa geti ya chipatala. Muuzeni kondakitala potsikira panu musanakhale pansi, mumufunsenso mtengo pomwepo. Mtengo wa minibasi sukhazikika: umakwera madzulo, mvula ikagwa, ndiponso mafuta akasowa.

Pankhani ya chipatala ndichedwepo, chifukwa ambiri a kwathu ulendo wawo woyamba umakhala umenewu, ndipo amauyenda mtima uli m'mwamba. Kwinzi ndi chipatala cholandira odwala amene atumizidwa kuchokera ku zipatala zina. Choncho yambani kaye ku chipatala cha kwanu kapena cha pa boma pa Thyolo, akulembereni kalata. Kalatayo ndi buku la kuchipatala la wodwala muziike m'pepala la pulasitiki, zikhale pathupi panu, osati m'chikwama chimene chaikidwa kumbuyo kwa minibasi. Nyamukani kusanache kuti mukapeze mzere usanatalike. Ngati mukupita kukadikirira wodwala, tengani bulangete, zitenje ziwiri, kapu, mbale, sopo ndi kandowa. Malowo ndi aakulu, makonde ake ambirimbiri, ndipo ine ndinasochera kawiri tsiku limodzi pofuna kubwerera pamene ndinawasiya amayi. Lembani papepala dzina la wodi, ndipo musachite manyazi kufunsa anamwino kapena alonda. Paja safunsa adadya phula.

Komabe si aliyense woyenera kumufunsa njira. Funsani munthu amene wakhala pamalo ake: mayi wa pa benchi ya tomato, wogulitsa m'sitolo, wapolisi wa pamsewu. Amene wakuthamangirani yekha n'kumati "ankolo, ndikunyamulireni" mumukane mwaulemu, chikwama chili m'manja mwanu. Pa Limbe pamakhala chipiringu, ndipo amene waima pakati panjira n'kumasuzumira m'foni amadziwika msanga kuti ndi mlendo.

Ndalama muzigawe. Ya thiransipoti yobwerera ikhale payokha, yomangidwa pa mfundo ya chitenje kapena m'thumba la m'kati, ndipo musaikhudze ngakhale mutaona kaunjika wokongola bwanji. Ina ikhale mu Mpamba kapena Airtel Money, muzitapa pang'onopang'ono. Nambala yachinsinsi muzilemba nokha pafoni, musapatse wina kuti akulembereni. Mukalandira uthenga woti ndalama ija mutumize pa nambala yakuti, kapena wina akaimba kuti watumiza ndalama kwa inu molakwitsa, imbirani kaye wachibale amene mukumudziwa mawu ake.

Za kabaza wa njinga yamoto sindinena zambiri. Gwirizanani mtengo musanakwere, pemphani chipewa, ndipo akayamba kudzipanikiza pakati pa magalimoto muuzeni akutsitseni. Podutsa Highway wapansi, dikirani pamene ena akuwolokera muwolokere nawo limodzi.

Ngati mukagona kwa achibale, aimbireni kudakali masiku, muwauze tsiku lofika ndi lobwerera. Izi ndimanena mosabisa chifukwa ndakhalapo mbali zonse ziwiri. Ku Ndirande, ku Chilomoni kaya ku Bangwe kuno, madzi ndi ogula, makala ndi ogula, ngakhale masamba a nkhwani amene kwathu timangothyola kuseri kwa nyumba. Mlendo wobwera ndi nandolo, chinangwa, mapeyala kapena phava la nthochi amapepuza mwininyumba kwambiri. Musaiwalenso juzi, pakuti chiperoni cha June ndi July chimene timachidziwa m'minda ya tiyi chimafika kuno chimodzimodzi. Nyengo ya dzinja funsani kumene wachibale wanuyo amakhala, pakuti madera ena amaopsa mvula ikachuluka. Tonse tikukumbukira zimene namondwe Freddy anachita ku Soche ndi ku Chilobwe mu March 2023, ndipo mvula yamphamvu ikayamba musayese kuwoloka Mudi kapena timitsinje ta m'makwalala.

Zimene munabwerera zikatha dzuwa likadali pamutu, pitani mukaone tchalitchi cha St Michael and All Angels ku HHI. Chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, amene sanaphunzire za mapulani a nyumba, ndipo njerwa zake anaumba ndi kuwotcha ndi anthu akuno. Ndimakonda kuimirira pafupi ndi khoma lake n'kumaona mitundu ya njerwazo. Ana asukulu apiteni nawo ku nyumba yosungira zinthu zakale pa Chichiri. Ndipo mukamadutsa mu Limbe dziwani kuti tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje amagulitsidwa pa okushoni m'tauni momwemo. Amayi anga anathyola masamba amenewo zaka zambiri, dengu lili kumsana, ndipo nditawauza zimenezi pobwerera ku chipatala anapempha kuti ndiwalozere mbali yake.

Pobwerera, yesetsani kukhala muli pa Limbe nthawi isanakwane 4 koloko madzulo. Minibasi simanyamuka isanadzaze, ndipo mukatsika pamsewu waukulu pamakhala patatsala mtunda wa kabaza kapena wapansi kuti mufike pakhomo. Buledi wa ana mugulire pa Limbe pomwepo musanakwere, mumunyamule pamiyendo kuti asaphwanyike.