Za Kutsika pa Galimoto

Ambiri a inu muli ndi ana amene anapita ku Lilongwe kukafuna nchito. Ciyambire 1975, pamene mzindawo unasanduka likulu la dziko, zomanga sizinathe konko. M'mamawa malole amatuta amisiri ndi anyamata ao kunka nao kumene amanga, monga ku Area 12, kwa nyumba zazikuru za mipanda, kufupi ndi mudzi wa Kauma. Tonse tiopa ngozi ya pa mseu, koma iripo yina imene sitiiwerengera, ndiyo kugwa potsika.

Taonani m'mene icitikira. Mnyamata wakhala pamwamba pa njerwa ulendo wonse, miyendo yacita dzanzi. Pofika alumpha, fosholo iri m'manja, osaona mwala kapena dzenje liri pansi. Pa dzinja katondo amatirira ku nsapato, ndipo citsulo copondapo citerera ngati therere. Thupi lonse litsamira phazi limodzi: bondo liguluka, pfupa lithyoka, ndipo wakugwa cagada amenyetsa nkhongo. Iye akagona ku cipatala ca Kamuzu Central, adzatumiza ndani ndalama ya feteleza kumudzi?

Cifukwa cace mverani. Lindani galimoto iime ndithu. Katundu yambani mwapatsira mnzanu ali pansi. Tsikani cafutambuyo, nkhope iri ku galimoto, monga mutsikira pa makwerero a nkhokwe. Posuntha phazi, manja onse awiri agwire. Posuntha dzanja, mapazi onse awiri aponde. Kulumpha si camuna ai. Akuru anati, fulumira adadya gaga.

Nanga munthu akapweteka? Asabise poopa kucotsedwa: mbewa ya manyazi idafera ku dzenje. Auze kapitao tsiku lomwelo pamaso pa mboni, apite ku cipatala, nasunge bwino zikalata za dokotala. Lamulo la 1997 lilamula mwini nchito kusamala moyo wa anchito ace, ndipo la 2000 liti wopweteka pa nchito alandire cipukuta misozi. Bwana akakana, mlandu upite ku ofesi ya boma yoona za nchito.

Inu makolo, mwana akabwera kudzaceza, musangofunsa za malipiro. Mfunseninso m'mene atsikira pa lole, pakuti miyendo yaceyo ndiyo idyetsa mbumba.