Adayamba ndi wa Rambo, akuthera pa Okapi

Kwa Mmalawi wamba, mpeni ndi wosendera chinangwa, wochekera masamba komanso wozingira nkhuku kukabwera alendo. Ukabuntha amaunola pamwala kapena pasimenti ya pakhonde. Ukathyoka chigwiriro amaukulunga ndi mphira, ntchito n'kumapitirira. Pakhomo pakakhala mipeni itatu ndiye kuti yachuluka.

Koma m'maiko ena monga Amereka, Mangalande, Germany ndi South Africa muli anthu omwe ali ndi mipeni mazanamazana pomwe sagulitsa nyama ndipo si alenje. Amangoikonda basi, monga momwe ena amatolerera masitampa kapena ndalama zakale. Chaka chilichonse m'mwezi wa June anthuwa amakhamukira mumzinda wa Atlanta ku Amereka kuchionetsero cha Blade Show komwe amakagula, kugulitsa ndi kusinthana mipeni.

Chochititsa chidwi ndi anthuwa n'chakuti zomwe amakonda sizikhalitsa. Mpeni womwe munthu adaugula mtima uli dyokodyoko ali mnyamata, pakatha zaka zingapo amachita nawo manyazi n'kuukankhira kunsi kwa bokosi. Ndipo njira yomwe ambiri amadutsamo imafanana: amayamba ndi waukulu wonyezimira, n'kudzathera pa kampeni kosaoneka bwino koma kogwira ntchito. Pakati pa ulendowu pamalowa ndalama zankhaninkhani.

Ambiri amakopeka ndi maso. Amene adaonerako mafilimu m'nyumba zoonetsera vidiyo m'matauni a m'dziko muno akumukumbuka Rambo ndi chimpeni chake. Mpeni wa mufilimu yoyamba ya First Blood, yomwe idatuluka m'chaka cha 1982, adaupanga ndi Jimmy Lile, mmisiri wa ku Arkansas m'dziko la Amereka. Udali ndi mano ngati sowo kumsana, ndipo chigwiriro chake chidali champhako chosungiramo machesi, singano ndi mbedza.

Filimuyo itatchuka, makampani adayamba kupanga mipeni yotsika mtengo yofanana nawo ndipo anyamata adaigula ngati zitumbuwa. Koma paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Yambiri mwa mipeni yongotengerayo idali ndi chitsulo chofewa, ndipo chifukwa cha mphakoyo, chitsulo ndi chigwiriro zidangolumikizana pang'ono. Munthu akati adulire nthambi, mpeni umagweduka kapena kuthyoka kumene. Apo ndi pomwe ambiri amaphunzirira phunziro loyamba.

Ena amakopeka ndi kuchuluka kwa zipangizo. Mpeni wofiira wa Swiss Army, womwe umakhala ndi sizasi, chotsegulira botolo ndi sikuludiraiva, udachokera kwa Karl Elsener yemwe adatsegula malo osulira mipeni ku Ibach m'dziko la Switzerland m'chaka cha 1884, ndipo adayamba kupangira asirikali a dzikolo mu 1891. Kampani yake ndi yomwe lero imatchedwa Victorinox. Woyamba kumene amafuna wokhala ndi zipangizo zambiri kuposa wa mnzake. Kampani ina ya ku Switzerland komweko, Wenger, idafika popanga mpeni wotchedwa Giant wokhala ndi zipangizo 87, wolemera kuposa kilogalamu imodzi. Udalowa m'buku la Guinness, koma palibe thumba la buluku lomwe ungakwanemo.

Maso akakhuta, munthu amayamba kufunsa za chitsulo. Apa ndi pomwe amadziwira kuti zitsulo zili m'magulu awiri akuluakulu. Pali chitsulo chakale cha kaboni chomwe chimanoleka msanga n'kuthwa ngati lezala, koma chimachita dzimbiri ukangochisiya chonyowa. Pali china chosachita dzimbiri chomwe Harry Brearley adachitulukira mumzinda wa Sheffield ku Mangalande m'chaka cha 1913 posakaniza chitsulo ndi chromium.

Kuchokera nthawi imeneyo akatswiri akhala akutulutsa mitundu yatsopano, monga S30V ya mu 2001 ndi MagnaCut ya mu 2021, ndipo uliwonse ukatuluka otolera mipeni amauthamangira n'kuyamba kuona ngati yomwe ali nayo yatha ntchito. Koma nazonso zili ndi pake. Chitsulo chikalimba kwambiri chimatenga nthawi kuti chibunthe, koma chimatha kubenthuka, ndipo pamwala wamba sichinoleka. Mwini wake amafunika kugulanso chonolera cha dayamondi.

Amene thumba lawo ndi lakuya amapitirira n'kuyamba kufuna mipeni yopangidwa pamanja ndi mmisiri wodziwika dzina. Ku Amereka mchitidwewu udakula m'zaka za m'ma 1970. Bob Loveless, yemwe adathandiza kukhazikitsa bungwe la amisiri la Knifemakers' Guild mu 1970, adatchuka ndi mipeni ya alenje yosakometsera koma yokhala bwino m'manja. Iye adamwalira mu 2010 ndipo mipeni yake imagulidwa pamtengo wa madola zikwizikwi. Mu 1973 mmisiri wina, Bill Moran, adadzidzimutsa anthu ndi mipeni ya chitsulo cha Damascus, chomwe amachipanga pophatikiza zitsulo zosiyana, kuzipinda ndi kuzisula mobwerezabwereza mpaka zitatulutsa mizere yonga mafunde a panyanja.

Kum'mwera kuno kwa Africa nakonso kudatuluka katswiri. Chris Reeve adabadwira ku Durban ndipo adasamukira ku Boise, m'chigawo cha Idaho ku Amereka, m'chaka cha 1989. Mpeni wake wopinda wodziwika kwambiri adautcha Sebenza, mawu a Chizulu otanthauza kugwira ntchito. Mtengo wake umaposa madola 400.

Pamenepa ndi pomwe pagona vuto lina. Mpeni wotchedwa kugwira ntchito nthawi zambiri sugwira ntchito ina iliyonse. Munthu akaugula pamtengo wotere amaopa kuukanda, chifukwa kachipsera kamodzi kamatsitsa mtengo akafuna kudzaugulitsa. Ndiye amaupukuta, kuudzoza mafuta n'kuutsekera m'bokosi. Akafuna kudula chingwe amakabwereka wa kukhitchini.

Ndalama zimatayika m'njira zinanso. Mipeni ya kufakitale ikangotuluka m'sitolo mtengo wake umatsika, choncho yemwe watopa nayo amaigulitsa moluza. Palinso akathyali omwe amapanga mipeni yabodza n'kudindapo maina a makampani otchuka, ndipo wongoyamba kumene sangasiyanitse. Ena amaononga okha chuma chawo: akapeza mpeni wakale amaupala kuti uwale, osadziwa kuti ogula amafuna mtundu wakuda womwe chitsulo chimatenga ndi zaka, komanso chidindo chosafufutika. Mwachitsanzo, kampani ya W.R. Case & Sons ya ku Pennsylvania idayamba mu 1970 kudinda timadontho 10 patsinde pa mpeni n'kumachotsa kamodzi chaka chilichonse. Wodziwa amangowerenga timadonthoto n'kudziwa chaka chomwe mpeniwo udapangidwa. Ukatipala, umboni watha.

Si mtima wokha womwe umasintha zokonda za anthuwa. Malamulo nawo amawakhotetsa. Ku Mangalande, lamulo la mu 1988 limaletsa kuyenda ndi mpeni pagulu popanda chifukwa chomveka, kupatula wopinda, wosakhala ndi loko, womwe mbali yake yakuthwa siposa mainchesi 3, omwe ndi masentimita 7.6. Izi zidachititsa kuti anthu a kumeneko abwerere ku timipeni ta makolo awo, ndipo makampani ena amapanga mipeni yongogwirizana ndi lamuloli. Mu September 2024 boma la kumeneko lidaletsanso zimipeni zoopsa zotchedwa zombie kaamba ka kuchuluka kwa achinyamata obayana.

Chiwembu cha pa 11 September 2001 ku Amereka nacho chidasintha zinthu. Mabwalo a ndege adaletsa kukwera ndi mpeni m'thumba ndipo malonda a mipeni ya Victorinox adatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Wenger idavutika kwambiri mpaka Victorinox idaigula mu 2005. Lero mipeni yakale yokhala ndi dzina la Wenger ndi ina mwa yomwe otolera amaisaka.

Nkhani ya zigwiriro ndiyo imakhudza Malawi mwachindunji. Kale chigwiriro cha mnyanga wa njovu chidali chonyaditsa pa mpeni wa munthu wolemera. Koma mu 1989 pangano la maiko la CITES lidaletsa malonda a minyanga pakati pa maiko, ndipo ku Mangalande lamulo loletsa kugulitsa zinthu zambiri za mnyanga, ngakhale zakale, lidayamba kugwira ntchito mu 2022. Ena omwe adasunga mipeni yotere ngati chuma adapezeka ali ndi katundu wosagulitsika. Kuno, boma lidatentha matani 2.6 a minyanga mumzinda wa Mzuzu mu March 2016, ndipo lamulo loteteza nyama zakutchire lomwe lidakonzedwa mu 2017 limalola khoti kupereka chilango chofika zaka 30 m'ndende.

Amisiri adatembenukira ku mafupa a ng'ombe, nyanga za gwape, mitengo yolimba komanso Micarta, yomwe ndi nsalu kapena pepala loumitsidwa ndi ulimbo wa kufakitale. Mwa mitengo yomwe amaikonda pali phingo, mtengo wakuda womwe osema ziboliboli m'dziko muno amaudziwa bwino. Nawonso udalowa m'ndandanda wa CITES mu 2017, kotero kuti kuutulutsa kunja kumafunika chilolezo.

Tsono pakatha zaka, munthu wadutsa monsemu, amathera pati? Ambiri amayamba kugulitsa. Amatsala ndi mipeni yochepa, ndipo womwe amayenda nawo tsiku ndi tsiku kawirikawiri umakhala wopepuka, wopyapyala ndi wotsika mtengo. Dzanja limakhala litawaphunzitsa kuti podula chingwe, potsegula katoni kapena posenda mango, chitsulo chopyapyala chimadula bwino kuposa chochindikala, ndipo mpeni wolemera umangotsala kunyumba.

N'chifukwa chake akatswiri ambiri amalemekeza Opinel, kampeni ka alimi a ku Savoie m'dziko la France komwe Joseph Opinel adayamba kupanga mu 1890. Kali ndi chigwiriro cha mtengo ndi mphete yachitsulo yokhomera yomwe adaionjezera mu 1955. Mu 1985 nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Victoria and Albert ku London idakaika m'gulu la zinthu 100 zopangidwa mwaluso kwambiri padziko lapansi. Mpaka lero mtengo wa Opinel wamba sufika madola 30.

Mnzake wa Opinel kuno kum'mwera ndi Okapi, mpeni womwe aliyense yemwe adakhalako ku Joni amaudziwa. Udayamba kupangidwa mumzinda wa Solingen ku Germany mu 1902 kuti uzigulitsidwa ku Africa, ndipo adaupatsa dzina la nyama ya m'nkhalango za ku Congo yomwe azungu adali atangoidziwa kumene. Chigwiriro chake n'chamtengo, chokongoletsedwa ndi mwezi ndi nyenyezi, ndipo pofuna kuupinda umakoka kamphete ka kumsana. Mu 1988 makina ndi dzina lake zidagulidwa n'kusamutsidwira ku Isithebe, m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa.

Okapi ali ndi mbiri yoipa chifukwa atsotsi a m'makomboni a ku Joni ankamukonda, ndipo ku Jamaica nako adatchuka ndi anyamata ovuta. Koma alimi, abusa a ng'ombe ndi asodzi ochuluka zedi adagwira naye ntchito moyo wawo wonse osabaya munthu. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Chitsulo chake cha kaboni chimanoleka pamwala uliwonse, ndipo akatayika mwini wake salira kwambiri. Lero otolera mipeni ku Ulaya ndi ku Amereka, omwe ena ali ndi mipeni ya madola mazanamazana m'mabokosi, amasakasaka Okapi wakale wodindidwa kuti adapangidwa ku Germany chifukwa kumeneko sapangidwanso.

Pofika apa munthu safunsanso kuti mpeni ndi waukulu bwanji kapena ndi wa ndalama zingati. Amafuna kudziwa kuti udapangidwa kuti, liti, ndipo adaugwiritsa ntchito ndani. Mpeni womwe bambo ake adamusiyira, wothetheka ndi kunola, ndi womwe sangaugulitse pamtengo uliwonse.

M'midzi yambiri ya m'dziko muno muli masutikesi a azigogo omwe adapita ku Wenela ndi Theba. Yemwe angapezemo Okapi wakale asathamangire kumupala ndi sandipepa kapena kumunola pagalainda ya owotcherera zitsulo. Angomupukuta, amudontheze mafuta a makina osokera polumikizira, kenako ayang'ane patsinde pa chitsulo kuti aone ngati palembedwa Germany kapena South Africa.