Sorolla, mmisiri amene anatulutsira nkhope padzuwa

M'chaka cha 1920, Joaquín Sorolla anali m'dimba la maluwa kunyumba kwake ku Madrid, burashi ili m'manja, akujambula mkazi wa mlembi Ramón Pérez de Ayala. Mwadzidzidzi anagwidwa ndi sitiroko. Chithunzicho sichinathe, ndipo Sorolla anamwalira mu 1923 osabwereranso pa ntchito.

N'zosadabwitsa kuti matendawa anamupezera panja, poti ndiko ankakonda kugwirira ntchito. Anthu olemera a nthawi imeneyo anazolowera kujambulidwa m'chipinda, atakhala ndwii, kumbuyo kwawo kuli bii. Sorolla ankadziwa kujambula motero, ndipo ankalemekeza kwambiri luso la katswiri wakale wojambula zithunzi, Velázquez, koma mtima wake unali padzuwa la kwawo ku Valencia.

Anabadwira mumzinda umenewo mu 1863. Ali ndi zaka ziwiri zokha, makolo ake onse anatsamira mkono pa mliri wa kolera, ndipo analeredwa ndi m'bale wa mayi ake. Mu 1888 anakwatira Clotilde García del Castillo, mwana wa munthu wojambula ndi kamera. Nkhope ya mayiyu ndiyo anaibwereza kambirimbiri moyo wake wonse.

Chithunzi cha 1909 chotchedwa Paseo a orillas del mar chimaonetsa Clotilde ndi mwana wawo María akuyenda m'mphepete mwa nyanja, mphepo ikuwakoka zovala. Ukaima patali, madiresi awo amaoneka oyera mbee. Ukasendera pafupi umapeza kuti m'mapindo a nsalu muli penti yobiriwira ngati thambo, ina yachikasu, ina yofiirira, yopakidwa mofulumira ndi burashi yaikulu. Liwiro limenelo linali ndi chifukwa: dzuwa silidikira munthu, mthunzi ukasuntha nkhope yasintha kale.

Ngakhale akuluakulu anavomera kutulukira panja. Mu 1907 Mfumu ya Spain, Alfonso XIII, anajambulidwa ataima m'munda ku La Granja, kuwala kukudutsa m'masamba n'kugwera pa yunifolomu yake. Mu 1909 anthu pafupifupi 160,000 anakhamukira ku chionetsero cha Sorolla ku Hispanic Society of America ku New York, ndipo chaka chomwecho Sorolla anajambula Pulezidenti wa America, William Howard Taft.

Clotilde anasiyira boma la Spain nyumba ya ku Madrid ija pamodzi ndi zithunzi za mwamuna wake. Inatsegulidwa mu 1932 ngati Museo Sorolla, ndipo dimba lomwe Sorolla anagwiriramo burashi komaliza likadalipo.