CHIBVOMEZI NDI NYUMBA ZA KWA NSAMALA

Usiku wa pa 10 March, 1989, anthu a m'maboma ambiri a dziko lino anadzidzimuka kutulo pomva nyumba ziri kugwedezeka. Chinali chibvomezi chimene chinayambira pafupi ndi Salima. Anthu 9 anafa, ena okwana ngati 100 anabvulala, ndipo pafupifupi 50,000 anasowa pogona. Anthu a kwa Mfumu Nsamala, m'boma la Balaka, ayenera kuisamala nkhani imeneyi, pakuti dziko lao liri m'chigwa chomwecho m'mene muli Salima.

Kodi Chibvomezi Nchiani?

Anthu ena amasokoneza chibvomezi ndi Napolo, koma izi nzosiyana. Napolo, monga uja wa ku Zomba m'chaka cha 1946 ndi wa ku Phalombe m'chaka cha 1991, amadza ndi mvula yambiri imene imagumula phiri. Chibvomezi sichidikira mvula ai. Chimadza nyengo iri yonse, usana kapena usiku, ndipo chimachokera pansi penipeni pa nthaka.

Kunsi kwa minda ndi mitsinje kuli mwala wochindikala umene wakuta dziko lonse lapansi. Mwalawo suli umodzi, koma ndi wogawikana m'zigawo zazikulu zimene zimayenda pang'onopang'ono. Pamene zigawo ziwiri zikankhana kapena kukokana, mwala umapirira zaka zambiri, monga m'mene ndodo imapindikira munthu akaikhotetsa pabondo. Tsiku lina ndodo ija imathyoka. Momwemonso mwala umasweka mwadzidzidzi pa mng'alu wake, ndipo kugwedezeka kwake kumamveka kutali.

Akatswiri amayesa kukula kwa chibvomezi ndi manambala, potsata njira imene anaiyamba Charles Richter wa ku America m'chaka cha 1935. Nambala ikakwera ndi imodzi, mphamvu imachuluka koposa ka 30. Chotero chibvomezi cha 7 chiri ndi mphamvu ya zibvomezi za 6 zoposa 30.

Chigwa cha Shire

Kuchokera ku Ethiopia kudzera ku nyanja ya Tanganyika, nyanja ya Malawi, nyanja ya Malombe ndi mtsinje wa Shire mpaka ku Mozambique, dziko la Afrika liri kung'ambika. Kung'ambikako nkwapang'ono, kotero kuti pa chaka sikukwana ngakhale kupingasa kwa chala, koma ndiko kunapanga nyanja ndi zigwa zimenezi. Chigwa cha Balaka, chimene chiri pakati pa mapiri a ku Ntcheu ndi mapiri a ku Zomba, ndi gawo lake. Akasupe a madzi otentha a ku Liwonde nao ndi chizindikiro cha ming'alu ya pansi.

Mng'alu wina waukulu uli pafupi. Dzina lake ndi Bilila-Mtakataka, potengera malo awiri amene ali pa njanji yochokera ku Balaka kunka ku Salima. Kutalika kwake ndi mailosi opitirira 60, ndipo m'malo ena umaoneka ngati chitunda chotsetsereka choposa denga la nyumba. Akatswiri amene anauyesa anapeza kuti unasunthapo kwambiri m'nthawi zamakedzana, ndi kuti ukhoza kudzetsa chibvomezi chachikulu kuposa cha ku Salima. Palibe munthu pa dziko lonse amene angathe kunena tsiku la chibvomezi. Wonena kuti adziwa tsikulo ali kungoopseza anthu.

Za M'maiko Ena

Chibvomezi chachikulu koposa zonse zimene zinayesedwa chinachitika ku Chile, ku South America, pa 22 May, 1960. Muyeso wake unali 9.5, ndipo mafunde a m'nyanja amene chinautsa anakapha anthu ku Hawaii ndi ku Japan. Pa 26 December, 2004, chibvomezi cha pansi pa nyanja kufupi ndi Indonesia chinautsa mafunde amene anapha anthu opitirira 200,000 m'maiko ambiri, ena a iwo ku Somalia ndi ku Tanzania. Pa 6 February, 2023, anthu opitirira 50,000 anafa ku Turkey ndi ku Syria, ambiri a iwo ali mtulo m'nyumba zosanja.

Koma kuchuluka kwa maliro sikutsata kukula kwa chibvomezi nthawi zonse. Pa 12 January, 2010, chibvomezi cha 7.0 chinagwetsa mzinda wa Port-au-Prince ku Haiti, ndipo anthu opitirira 100,000 anafa. Mwezi wotsatira, ku Chile kunachitika china cha 8.8, champhamvu kwambiri kuposa cha ku Haiti, koma anafa anali opitirira pang'ono 500. China mwa zifukwa zazikulu chinali chakuti ku Chile kuli malamulo okhwima a kamangidwe ka nyumba, pamene ku Haiti nyumba zambiri zinamangidwa mosalimba ndi mothithikana.

Ku Morocco, mu Afrika momwe muno, chibvomezi cha 5.8 chokha chinapha anthu okwana ngati 12,000 mu mzinda wa Agadir pa 29 February, 1960, chifukwa chinachitika usiku, kunsi kwa mzinda weniweniwo. Pa 8 September, 2023, china chinapha anthu pafupifupi 3,000 m'dziko lomwelo, ambiri a iwo m'midzi ya kumapiri ya nyumba za dothi ndi miyala. Ponseponse chimene chinapha anthu ambiri pamtunda ndi makoma ndi madenga amene anawagwera.

Phunziro la ku Karonga

M'mwezi wa December, 2009, zibvomezi zingapo zinatsatizana ku Karonga, ndipo chachikulu chinali cha 6.0. Anthu 4 anafa, nyumba zikwizikwi zinagwa kapena kung'aluka, ndipo mabanja ambiri anagona panja mvula iri kugwa. Nyumba zambiri zimene zinaonongeka zinali za njerwa zomangira dothi. Pambuyo pake Boma linatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba.

Nyumba ya makolo ya mitengo yomata ndi dothi ndi yofolera udzu ndi yopepuka, ndipo imawerama pogwedezeka. Nyumba ya njerwa zootcha kapena ya zidina ndi yolemera, ndipo khoma lake likagwa limapha. Nkwabwino kuti anthu amange nyumba za njerwa ndi malata, koma womanga ayenera kusamala izi. Maziko akhale akuya, pa nthaka youma, osati m'dambo. Njerwa za pa ngodya zilumane bwino. Mazenera ndi zitseko zisachuluke pa khoma limodzi, ndipo zisayandikire ngodya. Pamwamba pa makoma onse pazungulire lamba wa simenti ndi zitsulo, amene amisiri amati bimu, pakuti ndiye amagwira nyumba kuti isakanganuke. Khoma losongoka lofika pansonga pa denga ndilo limayamba kugwa, chotero limangidwe ndi simenti ndi kuchirikizidwa. Munthu amene simenti yamchepera ayambe waika pa maziko, pa ngodya ndi pa bimu, pulasitala adzabwera chaka china.

Nthaka Ikayamba Kugwedezeka

Munthu amene ali panja akhale pa bwalo, kutali ndi makoma, mitengo ikuluikulu ndi nthambo za magetsi. Amene ali m'nyumba patali ndi khomo alowe kunsi kwa tebulo kapena bedi lolimba, naphimbe mutu ndi manja. Kugwedezeka kukaleka, azime moto ndi nyali, atulutse ana ndi okalamba, ndipo asabwererenso m'nyumba yong'aluka, chifukwa zibvomezi zina zimatsatira pa masiku angapo. Aphunzitsi aphunzitse ana kulowa kunsi kwa madesiki ndi kutuluka mwa dongosolo, osakanganirana pa khomo.

Mafumu, makomiti a sukulu ndi akuluakulu a mipingo ndi mizikiti a kwa Nsamala achita bwino kuyendera makoma a nyumba zosonkhanamo anthu ambiri. Apo pali ming'alu, akonze m'chilimwe chomwechino, ndipo ofuna uphungu afunse ku ofesi ya Bwanamkubwa ku Balaka.